Ulusi ukuunjikana pansi pa nsalu? Kasikulu ka bobini kasiyeni

Sukulu zikamayandikira kutsegulira mu Seputembala, mafunso a makina osokera amene ndimalandira monga wokonza makina amachuluka kuposa a mafoni. Ambiri amachokera kwa amayi osokera pakhonde kapena pabalaza, amene makina akaima tsiku limodzi ndiye kuti ndiwo za mawa zasokonekera. Ndasankhapo ochepa amene amabwerabwera.

Funso: Ndili ndi makina a Butterfly opalasa ndi miyendo, ndimasoka pakhomo uku ndikulera ana atatu. Ndalandira oda ya mayunifolomu a ana a pulaimale koma makina ayamba kuunjika ulusi pansi pa nsalu, pomwe pamwamba msoko ukuoneka bwinobwino. Ndayesa kumanga kasikulu ka pa bobini kesi (kachitsulo kokhalamo bobini ya ulusi wa pansi), palibe chasintha. Telala wina wandiuza kuti shatolo yatha, ndigule ina. Ndigule? (Mayi wa ku Chilomoni)

Yankho: Musagule, mayi. Ndipo kasikuluko kasiyeni, mwakazunza kale mokwanira. Ulusi ukaunjikana pansi, vuto lili pamwamba. Umene mukuuona ukulendewera kunsi kwa nsaluwo si wa m'bobini ayi, ndi wa pamwamba womwewo: watsika ndi singano, shatolo yaukola n'kuuzunguliza pa bobini monga mwa ntchito yake, koma palibe chimene chikuukoka kuti ubwerere n'kumanga fundo. Shatolo yakutha siunjika ulusi chotere, imadumpha masitichi kapena kudula ulusi.

Musandikhulupirire chabe, yesani nokha. Ikani ulusi wofiira pamwamba, woyera m'bobini, yonse ya mtundu umodzi ndi kukula kumodzi. Tengani kansalu kotsala ka yunifolomu yomweyo, mukapinde pawiri, musoke mzere umodzi kutalika ngati chikhatho. Tembenuzani. Chisa chili pansicho mudzapeza n'chofiira. Ine makina aliwonse akafika pabenchi panga, mwini wake anene zotani, ndimayamba ndi zimenezi ndisanagwire sikuludiraiva, chifukwa msoko wa mitundu iwiri sunama. Makina abwino amaonetsa mzere wofiira wokhawokha pamwamba ndi woyera wokhawokha pansi, fundo zitabisala pakati pa nsalu ziwirizo. Mukaona timadontho tofiira kapena malupu ofiira pansi, ulusi wa pamwamba ndi wolekerera. Mukaona timadontho toyera pamwamba, ndipo wofiira wangogona mowongoka moti mukhoza kuusolola ndi chikhadabo, wa pamwamba wamangika kwambiri kapena wa m'bobini walekerera. Mukaona nsalu yachita makwinya motsatira msoko, mbali zonse ziwiri zamangika mopitirira. Matelala ambiri amayesera makina ndi ulusi wakuda pamwamba ndi wakuda pansi, pa nsalu yakudanso, kenako n'kumalosera. Mungaone chiyani pamenepo?

Mukatsimikiza kuti n'chofiira, chitani ichi. Kwezani kaphazi kopanikiza nsalu, mukoke ulusi wa pamwamba musanaulowetse pa singano: uzibwera mosavuta. Tsitsani kaphaziko, mukokenso: uzilimba moti muzimva kuti pali chikuugwira. Ngati ukubwera mofanana kaphazi kali m'mwamba ndi kali pansi, ndiye kuti ulusi suli pakati pa timbale tiwiri ta tenshoni, topanikiza ulusi wa pamwamba, kapena timbaleto sitikutsekana. Chimene chimachititsa kawirikawiri n'kulowetsa ulusi kaphazi kali pansi. Kaphazi kakakhala pansi timbale timakhala totseka, ulusi umangodutsa pamwamba pake osalowa m'kati. Munthu amene akusintha ulusi uku akuyang'ana phala pamoto amachita zimenezi osazindikira. Chachiwiri ndi ubweya wa nsalu ndi tizidutswa ta ulusi totsakamira pakati pa timbale. Kwezani kaphazi, mudutsitse kansalu koyera kopinda pakati pake kangapo, muone zimene zitulukemo. Onaninso kuti ulusi wadutsa pa kawaya kodumphadumpha ka pambali pa tenshoni ndi pa bowo la kamkono kokwera ndi kutsika kaja. Mukaphonya kamkonoko makina amaunjika ulusi pa sitichi yoyamba yomwe.

Ndipo poti mwatchula ana atatu, ndikukaika ngati nati ya tenshoniyo ili pamene munaisiya. Pa Butterfly imakhala kutsogolo kwa mutu wa makina, mbali ya kumanzere, pomwe dzanja la mwana wa zaka zitatu limafikira bwino, ndipo imazungulira mosangalatsa. Mukaikonza, donthezani kyutekisi pang'ono pa nati ndi pa chitsulo chake kuti madontho awiriwo ayang'anane. M'mawa uliwonse kungoponya diso mudziwa ngati wina anapitapo.

Tsopano kasikulu kamene mwamanga kaja kabwezeni. Ikani bobini yodzaza m'kesi, mudutsitse ulusi pansi pa kachitsulo kopanikiza, munyamule kesiyo ndi ulusi wokha, chikhatho china chili pansi. Isagwe yokha. Mukagwedeza dzanja pang'ono izitsika pang'ono n'kuima. Ikapanda kutsika n'komwe, masulani pang'onopang'ono, osafika ngakhale theka la kuzungulira pa ulendo umodzi, ndipo muchitire pamwamba pa mbale chifukwa kasikuluko kakagwera pa dothi simudzakaonanso. Mukatero bwerezani msoko wa mitundu iwiri, muzisintha nati ya pamwamba yokha mpaka fundo zibisale. Ntchito yonseyi siifika mphindi khumi ndi zisanu ndipo simulipira aliyense.

Za shatolo: Butterfly ndi anzake onse akuda a maluwa agolide anatengera kapangidwe ka Singer 15, kamene kanayamba cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Shatolo imene inabwera ndi makina anu, ngati nsonga yake sinabenthuke, ndi yabwino kuposa zambiri zotchipa zimene zili pamsika lero. Ena amaichotsa yabwinobwino n'kuikamo yatsopano yokhakhala, kenako vuto limodzi lasanduka awiri.

Funso: Ntchito yanga yambiri ndi kuchepetsa ndi kufupikitsa zovala za kaunjika. Pa majinzi singano zikuthyoka, tsiku lina zinathyoka zitatu. Pa matisheti ndi madiresi otamuka makina akudumpha masitichi. Kodi taimingi yathawa? (Mayi wa ku Area 25, Lilongwe)

Yankho: Aliyense amathamangira taimingi, kukumana pa nthawi yake kwa singano ndi shatolo. Singano, mayi. Mwina mukusokera chilichonse ndi nambala 14 imodzi yomweyo mpaka ithyoke. Nambala 14, imene pa paketi amalembanso 90, ndi ya chitenje, yunifolomu ndi malaya wamba. Jinzi imafuna 16 kapena 18, ndiye kuti 100 kapena 110. Nsalu zopyapyala za m'kati mwa diresi zimafuna 11. Zotamuka zimafuna singano ya nsonga yobulungira, pa paketi amalemba ball point kapena jersey, ndipo imeneyi ndi imene ithetse kudumpha kwanu pa matisheti.

Onaninso mtundu. Makina a pakhomo amadya singano ya HAx1, imene ena amalemba 15x1 kapena 130/705H, yokhala ndi mbali imodzi yophwatalala kumutu. Ya makina a indasitiriyo, DBx1, mutu wake ndi wobulungira ponseponse. Wogulitsa wina akakhala kuti HAx1 yamuthera amakupatsani DBx1 n'kunena kuti ndi chimodzimodzi. Si chimodzimodzi. Pa Butterfly mbali yophwatalala imayang'ana kumanja, ulusi umalowa kuchokera kumanzere, ndipo singano muikankhe mpaka igunde kumwamba musanamange.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi singano zachinyengo. Mayina odalirika alipo, Organ, Schmetz, Groz-Beckert, koma mapaketi ojambula mayina omwewo adzaza paliponse, m'kati muli singano zokhota kuchokera kufakitale, maso ake akuthwa odula ulusi. Mukagula ku Limbe kapena ku Malangalanga, tulutsani imodzi, muigoneke pa galasi mbali yophwatalala ili pansi, muyang'ane m'mbali. Mpata wa pakati pa singano ndi galasi uzikhala wofanana kuyambira kumutu mpaka kunsonga. Ikapendama, bwezani paketi yonse. Ndalama imene mwapulumutsa pa paketi yotchipa mudzailipira pa puleti ya pansi pa singano ndi shatolo zimene singanozo zikuzigogoda.

Pa mpendero wa jinzi, pamene misoko yakumana n'kupanga chotupa, musapalase mwamphamvu. Menyani chotupacho ndi hamala pa thabwa chiphwatalale, ikani kansalu kopinda kumbuyo kwa kaphazi kuti kakhale mowongoka, mudutse pamenepo mukuzungulitsa gudumu ndi dzanja. Ndipo lekani kukoka nsalu kumbuyo. Mano a pansi alipo kuti akoke okha. Inu mukakoka, singano imapindika n'kugunda puleti. Popeza zathyoka kale zingapo, pitsani chala pa bowo la puleti ndi pa nsonga ya shatolo, pakakhala pokanda musalaze ndi sandipepa yosalala kwambiri. Mukachita zonsezi ndi singano yatsopano yeniyeni makina n'kumadumphabe pa chitenje wamba, pamenepo ndiye tikambe za taimingi, ndipo imeneyo musaiyese nokha.

Funso: Makina anga ayamba kulemera, ndikapalasa pang'ono miyendo ikuwawa. Mafuta ndimathira sabata iliyonse, ophikira omwewa poti a makina anandithera. (Mayi wa ku Mchesi)

Yankho: Mwadziyankha nokha. Mafuta ophikira masiku oyamba amapepuza makina, kenako amauma n'kumata ngati makoko a nsima m'poto, ndipo mukamawonjezera ndiye mukukulitsa chikhakhacho. A galimoto nawonso ndi olemera kwambiri, ndipo girisi kapena Vaseline m'mabowo a mafuta ndiye ayi ndithu. Chotsani lamba, singano ndi shatolo. Donthezani palafini m'mabowo onse a pamwamba, kuseri kwa chivundikiro cha kutsogolo ndi pansi pamene zitsulo zikukhulana, muzungulitse gudumu ndi dzanja mpaka lipepuke. Makina amene amwa mafuta ophikira kwa nthawi yaitali amafunika kugona usiku ndi palafiniyo. Chitani izi panja, kutali ndi mbaula, ndipo botolo la palafini lisakhale la chakumwa chimene ana amachidziwa. Mawa lake pukutani, muthire mafuta a makina osokera, oyera ngati madzi aja, dontho limodzi pa bowo lililonse ndi limodzi m'njira ya shatolo. Dontho limodzi, osati kusambitsa. Mukatha sokani pa chigamba mpaka chisiye kuda musanaikepo bulauzi yoyera ya amayi a Mvano, chifukwa banga la mafuta pa nsalu ya eni ake mulilipira ndinu.

Zikakhala kuti mutu wa makina ukuzungulira bwino lamba atachotsedwa, koma ukulemera lamba akabwerera, ndiye kuti lambayo munamudula kwambiri. Lamba wachikopa safuna kukungika, angogwira kuti asaterereke basi. Chopondera chapansi nachonso chili ndi malo ofuna mafuta, anthu amaiwala kuti chiliko.

Funso: Mwana wanga wa zaka ziwiri ndi theka sachoka pa makina. Ndikangotuluka kukatunga madzi ndimapeza ulusi wakodwa m'kati, gudumu silikuyenda. Nyumba ndi ya chipinda chimodzi, ndilibe kowabisa. (Mayi wa ku Ndirande)

Yankho: Akupalasa chobwerera m'mbuyo. Makina awa gudumu lake limayenera kuzungulira kubwera kwa inu. Likabwerera m'mbuyo muli ulusi, umakodwa m'njira ya shatolo n'kumanga zonse. Musalimbane nalo gudumu, mukhotetsa zinthu. Dulani ulusi, chotsani bobini kesi, masulani mphete yogwira shatolo, muchotse kaulusi kotsakamirako. Nthawi zambiri kamakhala kakafupi moti mudzadabwa kuti ndi kameneka kanaimitsa makina onse.

Koma ine ulusiwo sukundidetsa nkhawa, zala za mwanayo ndiye zikundidetsa nkhawa. Gudumu lalikulu lapansi ndi lolemera, likayamba kuyenda siliimira chala. Mukamadzuka, ngakhale kwa mphindi ziwiri, gwetsani lamba pa gudumu lapansi; pali kachitsulo kake pambali kogwetsera, ngati kanathyoka chitani ndi dzanja. Tsitsani singano ilowe m'kachigamba, tsitsaninso kaphazi. Chopondera chimangeni ndi chingwe ku mwendo wa tebulo kapena muikepo chipika pansi pake kuti chisasunthe. Usiku pindirani mutu wa makina m'kati mwa tebulo ngati ndi lopinda, ngati si lopinda vundikirani. Chivundikirocho chimathandizanso pa utsi wa mbaula ndi madontho a padenga nthawi ya dzinja. Makina ambiri amene amabwera ndi dzimbiri pa puleti amachokera m'nyumba za chipinda chimodzi momwe mumaphikidwanso. Pezani maginito a sipika yakufa muziyendetsa pansi mukaweruka, mudzaona mapini ndi zidutswa za singano zimene maso anu anaziphonya pomwe mwana amakwawa. Bokosi la mabatani likhale pamwamba, mabatani amathera m'mphuno.

Funso: Amuna anga ali ku Johannesburg, akufuna kunditumizira makina a indasitiriyo a Juki kuti ndizisoka mwachangu. Ine ndimasoka kwambiri usiku ana akagona, ndipo kuno magetsi amazimazima, tili ndi sola yaing'ono ya mababu ndi TV. Ndivomere, ndigulitse opalasawa? (Mayi wa ku Mzuzu)

Yankho: Vomerani Juki, koma opalasawo musagulitse. Tsiku limene magetsi azima m'mawa, chinkhoswe chili Loweruka ndipo eni nsalu akhala pakhonde panu, ndi Butterfly imene idzakupulumutseni.

Auzeni bambo afunse chinthu chimodzi asanalipire: mota ndi ya clutch kapena ya servo? Makina akale ambiri ogulitsidwa kachiwiri amabwera ndi clutch, chimota chachikulu cha mawati pafupifupi 400 chimene chimalira mosalekeza mukangoyatsa, musoke musasoke. M'nyumba ya malata usiku, khanda silingagone, aneba a khoma limodzi nawonso adzakuuzani. Imadya mayunitsi pachabe, ndipo polira koyamba imakoka moto wambiri moti inverter ya mababu ndi TV idzangozima. Servo imakhala chete mpaka mutaponda, imadya moto pokhapo mukusoka, ndipo liwiro mumachepetsa ndi batani. Zimenezi n'zofunika kwa munthu wochokera pa makina opalasa, chifukwa Juki ya DDL-8700, imene ndikuganiza kuti ndi yomwe akunena, imatha kufika masitichi 5,500 pa mphindi. Kolala ya yunifolomu ya mwana wa Sitandade 1 pa liwiro limenelo mudzaiona itadutsa kale, mwina ndi chala chomwe. Ngakhale servo, pa sola yaing'onoyo musailumikize musanamuitane amene anakuikirani aone kukula kwa inverter ndi batire.

Moto wa ku South Africa ndi wa kuno ndi wofanana, mavoti 230, koma pulagi yawo ndi ya mano obulungira, yathu ndi ya mano a makona. Dulani muike pulagi yathu yabwino, osati timaadaputala totchipa tosungunuka tija, ndipo waya wa earth alumikizidwe. Atsimikizenso kuti mota ndi ya single phase, ya magetsi a m'nyumba, chifukwa makina ena ochoka m'mafakitale amakhala a three phase, m'nyumba sangayake. Potumiza akhuthule mafuta a m'beseni la pansi pa mutu, apo ayi katundu yense wa m'thiraki adzafika atanona. Akafika thirani mafuta a makina mpaka pakati pa zilembo za HIGH ndi LOW, ndipo mukamasoka muziona mafuta akuthovokera pa kagalasi ka pamwamba. Akapanda kuoneka imani.

Dziwaninso kuti makina amenewa amasoka msoko wowongoka wokha. Alibe zigizagi, saboola mabowo a mabatani, samanga m'mphepete. Ngati ntchito yanu yambiri ndi madiresi a zitenje a Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala ndi a maukwati, ndipo makasitomala amadandaula za m'kati mwa chovala kuti mukuyoyoka, mwina chimene chikusowa pakhomo panu ndi ovaloko, makina omanga m'mphepete mwa nsalu, osati liwiro. Kambiranani musanawononge ndalama ya thiransipoti, tebulo lake ndi lolemera ndipo limadya malo.

Funso: Ndinaikitsa kamota pa makina anga opalasa. Tsopano chopondera chake chikutentha, mota ikununkha ngati waya wopsa, ndipo nthawi zina makina amayamba kuyenda okha. Ulusi ndimagwiritsa ntchito wa makoni akuluakulu poti ndi wotchipa, koma ukudukaduka. (Mayi wa ku Zomba)

Yankho: Zulani pulagi lero lomwe, makamaka poti m'nyumba muli ana. Makina oyenda okha ndi chopondera chimene chawonongeka m'kati, ndipo choterocho chikhoza kuyatsa moto chikasiyidwa pa magetsi usiku pafupi ndi mulu wa zigamba. Zopondera zotchipa zimene zimabwera ndi timota timeneti zimafunda ndithu mukamasoka pang'onopang'ono nthawi yaitali, koma kutentha kosagwirika ndi kuyenda kokha ndiye kwatha. Ndikatsegula zotere ndimapezamo mphemvu, ubweya wa nsalu, nthawi zina madzi a mopu. Gulani china, musamange ndi tepi.

Fungo la mota yambirani pa makaboni. Ali kuseri kwa tizivundikiro tiwiri takuda m'mbali mwa mota; makaboniwo akafupika amathetheka n'kununkha, ndipo ndi otchipa kusintha. Koma mota yotere ndi ya mawati 100 kapena kupitirira pang'ono. Ngati makinawo ndi olemera chifukwa chosowa mafuta, kapena lamba wa raba mwamukunga kwambiri, kapena mukusokera matenti ndi zikwama za sukulu, idzapsa ngakhale muike makaboni atsopano. Chotsani lamba muzungulitse gudumu ndi chala chimodzi. Likakana, vuto si mota.

Koni siipangidwira kuzungulira pa kamtengo ka pamwamba pa makina, ulusi wake umayenera kutuluka chokwera m'mwamba. Mukaiveka pa kamtengoko imalemera, imagwedezeka, ulusi umakoka modukizadukiza n'kuduka. Iikeni m'kapu kumbuyo kwa makina, mupinde waya wa hang'ala akhale ndi kalupu pamwamba pa koniyo, ulusi udutse m'kalupuko usanapite ku makina. Ukadukabe, dulani utali wa mkono muukoke ndi manja. Ukaduka mosavuta, kapena mukauyang'ana padzuwa n'kuona ubweya ndi timafundo, ulusiwo ndi wakale kapena wachabechabe, usiyireni ntchito yogwirizira ndi manja. Ndipo mukasintha ulusi, yesaninso msoko wa mitundu iwiri musanayambe chovala cha kasitomala, chifukwa ulusi wa koni nthawi zambiri ndi wowonda kuposa wa pa kachubu ndipo tenshoni imafuna kusinthidwa pang'ono.